NTCHITO IMENE IDADZUTSA WODWALA

Pa 21 Febuluwale 2020 ku England, ku America ndi m'maiko ena ambiri kudatuluka chimbale chotchedwa Ordinary Man, dzina limene m'Chichewa litanthauza munthu wamba. Mwini wake adali Bambo Ozzy Osbourne, woimba wa zaka 71 zakubadwa. Padali patapita pafupifupi zaka khumi chitulutsire chimbale cha iwo okha, ndipo chaka cha 2019 adachithera m'zipatala ndi pabedi, osatha ngakhale kuyenda bwino. Anthu ambiri okonda nyimbo zao adali atataya kale mtima, nkumati mkuluyo basi zake zatha. Nkhani ya lero ikufotokozerani, inu omvera, m'mene chimbalecho chidapangidwira, ndiponso m'mene ntchito yochijambula idadzutsira munthu amene matenda adali atamgwetsa.

Poyamba nkoyenera kudziwa mtundu wa nyimbo zimene Bambo Osbourne ankaimba. Azungu amazitcha hard rock, kapena heavy metal zikafika polemera zedi. Gitala wake ndi wamagetsi, ndipo amamkweza mpaka mau ake asanduka okhakhala ngati kubangula kwa makina a m'fakitale. Ng'oma zake amazimenya mwamphamvu, ndipo woimba amayenera kukhala ndi mau akuthwa kuti amveke pamwamba pa phokoso lonselo. Omvera achikulire amene adakhalako ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 akumbukira Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, kapenanso gulu la Witch. Kalizidwe ka gitala ka anyamata amenewo kadamwa madzi pachitsime chomwechi, ndipo limodzi mwa magulu amene ankawamvera lidali Black Sabbath, gulu limene Bambo Osbourne adayambira.

Dzina lao lenileni ndi John Michael Osbourne. Adabadwa pa 3 Disembala 1948 ndipo adakulira ku Aston, dera la anthu ogwira ntchito m'mafakitale mumzinda wa Birmingham. M'banja mwao adalimo ana asanu ndi mmodzi, onse m'kanyumba ka zipinda zogona ziwiri. Sukulu idamkanika mnyamatayo chifukwa adali ndi vuto lobadwa nalo losokoneza zilembo powerenga, choncho adaileka ali ndi zaka 15. Adagwirako ntchito yoyesa mahutala a galimoto m'fakitale, kenaka adalowa ntchito kophera ng'ombe. Adayesakonso zakuba, koma adagwidwa nakhala m'ndende ya Winson Green milungu isanu ndi umodzi, popeza bambo ake adakana kumlipirira chindapusa pofuna kuti aphunzirepo kanthu. Bambo omwewo ndiwo adadzamgulira zokuzira mau pamene adaona kuti mwana wao waika mtima pa kuimba.

M'chaka cha 1968 mnyamatayo adagwirizana ndi anzake atatu a m'dera lomwelo: Tony Iommi woliza gitala, Geezer Butler woliza gitala wa mau aakulu, ndi Bill Ward woimba ng'oma. Iommi adali atadukapo nsonga za zala ziwiri pamakina odulira malata, ndipo ankaliza gitala atavala timapulasitiki kuzalako. Chimbale chao choyamba chidatuluka mu Febuluwale 1970, ndipo chachiwiri, chotchedwa Paranoid, chidatsatira mu Sepitembala chaka chomwecho. Pasanapite nthawi anyamata a ku Aston aja adamveka dziko lonse lapansi.

Koma ndalama ndi kutchuka zidabwera ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Mu Epulo 1979 anzao aja adawachotsa a Osbourne m'gululo chifukwa sadalinso munthu wodalirika pantchito. Iwo adakadzitsekera m'hotela ina ku Los Angeles, kumangomwa usana ndi usiku. Amene adawatulutsa m'menemo adali Sharon Arden, mwana wamkazi wa mkulu amene ankayendetsa za malonda a Black Sabbath. Mayiyu adawapezera oimba atsopano, mmodzi mwa iwo Randy Rhoads, katswiri wa gitala, ndipo mu 1980 chimbale cha Blizzard of Ozz chidawabwezera pamalo pao. Rhoads adafa pangozi ya ndege ku Florida mu Malichi 1982 ali ndi zaka 25 zokha. Mu Julayi chaka chomwecho a Osbourne ndi Mayi Sharon adakwatirana.

Sichingakhale chilungamo kuwajambula Bambo Osbourne ngati munthu wopanda banga. Mu Januwale 1982 adaluma mutu wa mleme pamaso pa anthu pamene ankaimba ku Des Moines, ati poyesa kuti ndi chidole, ndipo adakabayitsa jakisoni wa chiwewe. Choipa koposa chidachitika mu 1989, pamene ataledzera adagwira mkazi wao pakhosi, apolisi nkuwamanga. Mayi Sharon adawakhululukira atapita kumalo othandizira anthu kusiya mowa. Akuluakulu adati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo mayiyu adapirira zambiri kwa zaka zochuluka, uku akuyendetsa ntchito yonse ya mwamuna wao.

Mavuto a thupi amene akhudza nkhani ya lero adayamba mu Disembala 2003, pamene a Osbourne adagwa panjinga yamoto ya mawilo anai kumunda kwao ku Buckinghamshire. Adathyoka nthiti zingapo, fupa la paphewa ndi fupa lina la m'khosi, ndipo madokotala adawaika zitsulo m'thupi. Adachira nabwerera pantchito. Mu 2010 adatulutsa chimbale cha Scream, kenaka adabwererana ndi Iommi ndi Butler, najambula nao chimbale chotchedwa 13 m'chaka cha 2013. Black Sabbath idatsazika anthu ku Birmingham mu Febuluwale 2017, ndipo chaka chotsatira a Osbourne adayamba ulendo wautali woimba m'maiko osiyanasiyana, umene adati ukhala womaliza.

Ulendowo sadaumalize. Mvula ikakuona litsiro sikata. Mu Okutobala 2018 adachita opaleshoni ya dzanja chifukwa tizilombo tidalowa m'zala. Kumayambiriro kwa 2019 adadwala chimfine chimene chidasanduka chibayo. Asanapeze bwino kwenikweni, adagwa usiku mumdima m'nyumba mwao ku Los Angeles, ndipo kugwako kudasuntha zitsulo zija za 2003. Madokotala adawachitanso opaleshoni yaikulu ya khosi ndi msana, imene idawasiya ndi ululu wosatha, manja ndi miyendo zikuchita dzanzi. Maulendo onse oimba a chaka chimenecho adaimitsidwa. Munthu amene kwa zaka makumi asanu adazolowera kuthamanga uku ndi uku pabwalo, anthu zikwizikwi akumfuulira, tsopano ankangokhala m'chipinda kudikira wina kuti amthandize kudzuka. Iwo eni adauza atolankhani pambuyo pake kuti nthawi imeneyo adali atataya chikhulupiriro, ndipo ankaona ngati imfa yayandikira.

Pamwamba pa zonsezi padalinso nthenda ina imene banjalo lidali lisanaulule. Iyi ndi nthenda ya Parkinson, yotchedwa ndi dzina la dokotala wa ku London, James Parkinson, amene adaifotokoza m'chaka cha 1817. Imayamba pamene tizigawo tina ta mu ubongo, timene timapanga madzi othandiza thupi kuyenda mwadongosolo, tiyamba kufa pang'onopang'ono. Wodwala amanjenjemera manja, thupi limauma, amayenda mochedwa ndipo amagwa kawirikawiri. Sipatsirana, ndipo si ya ufiti. Mankhwala ochepetsa zizindikiro zake alipo, koma ochiziratu sanapezeke. Ndi nthenda yomwe ija idavutitsa katswiri wa nkhonya Muhammad Ali. A Osbourne, ali limodzi ndi mkazi wao, adaulula za nthendayi pawailesi yakanema ku America mu Januwale 2020, kutatsala mwezi umodzi kuti chimbale chija chituluke.

Nanga munthu wodwala chotere adafika bwanji pojambula nyimbo? Chiyambi chake chidali chaching'ono. M'chaka cha 2019 woimba wachinyamata wa ku America, Post Malone, ankakonza chimbale chake, ndipo mmodzi mwa omthandiza adali Andrew Watt, wobadwa mu 1990, katswiri wa gitala ndi wokonza nyimbo m'situdiyo. Watt adaganiza kuti nyimbo ina ingakome mutamveka mau a Bambo Osbourne. Uthenga udadzera mwa Kelly, mwana wamkazi wa mkuluyo, amene ankafunitsitsa kuti bambo ake apeze chochita m'malo mongokhala ndi maganizo. A Osbourne sankamdziwa nkomwe Post Malone, koma adavomera. Nyimboyo, yotchedwa Take What You Want, idatuluka mu Sepitembala 2019 ndipo idafika pa nambala 8 pamndandanda wa nyimbo zokondedwa ku America. Aka kadali koyamba m'zaka makumi atatu kuti nyimbo yokhala ndi mau ao ilowe m'gulu la khumi zoyambirira.

Kantchito kakang'onoko kadatsegula mtima wa wodwalayo, ndipo iye ndi Watt adagwirizana zopanga chimbale chathunthu. Watt adaitana amisiri awiri odziwika, Duff McKagan wa gulu la Guns N' Roses kuti alize gitala wa mau aakulu, ndi Chad Smith wa gulu la Red Hot Chili Peppers kuti aimbe ng'oma. Atatuwa adakhala m'situdiyo ya Watt ku Los Angeles, ndipo m'masiku anai okha adapeka ndi kujambula zing'wenyeng'wenye za nyimbo zambiri za m'chimbalecho. Onse atatu adakula akumvera Black Sabbath, choncho ankadziwa bwino kalizidwe koyenera mau a mkuluyo.

Omvera ena angadabwe kuti zitheka bwanji kujambula nyimbo woimba wake kulibe. M'situdiyo za masiku ano chida chilichonse chimajambulidwa pachokha, ng'oma pazokha, magitala paokha, ndipo mau a woimba amabwera pomaliza. Woimbayo amavala zomvera kumakutu, namva zing'wenyeng'wenye zojambulidwa kale, iye nkumaimba motsatira. Akatopa amapuma, mawa nkudzapitiriza pomwe adalekera. Akalakwitsa mzere umodzi amabwereza mzere womwewo, osati nyimbo yonse. Dongosolo limeneli ndilo lidalola munthu wosatha kuima nthawi yaitali kugwira ntchito imene pabwalo sakadaitha. Tsiku lililonse lopita kusitudiyo lidawapatsa a Osbourne chifukwa chodzukira, kusamba, kuvala ndi kutuluka m'nyumba. Matenda adalanda miyendo, koma mau adatsala, mau aja opyapyala ndi olira amene aliyense wowadziwa amawazindikira pakamodzi.

Alendo enanso adabwera kudzathandiza. Slash wa Guns N' Roses adaliza gitala m'nyimbo yotsegulira, Straight to Hell. Tom Morello wa gulu la Rage Against the Machine adalizanso m'nyimbo zina, ndipo Post Malone adabwezera ulemu poimba nao It's a Raid, nyimbo yothamanga yokumbukira tsiku lina m'zaka za m'ma 1970 pamene apolisi adafika panyumba imene gulu la Black Sabbath linkakhala ku California. Koma mlendo amene adadabwitsa anthu adali Elton John, mnzao wakalekale, amene adaliza piyano ndi kuimba nao nyimbo imene idapatsa chimbalechi dzina. Ndi nyimbo yofatsa, ya nkhalamba ziwiri zimene zidaona kutchuka ndi zowawa zake, zikuyang'ana m'mbuyo ndi kulingalira za tsiku limene magetsi a pabwalo adzazima.

Kuyambira pachiyambi a Osbourne ankaimba za imfa, manda ndi mizimu, koma kale zimenezo zidali ngati nthano zoopsezera ana madzulo. M'chimbale ichi nkhani ya imfa idasanduka yeniyeni, chifukwa woimbayo adali ataiona pafupi. Nyimbo ya Under the Graveyard, imene idatuluka poyamba mu Novembala 2019, ndi ya munthu wosungulumwa amene akuona kuti moyo wake wauononga yekha, ndipo kanema wake akuonetsa masiku a m'hotela aja a 1979 ndi m'mene Mayi Sharon adawapulumutsira. Nyimbo ya Holy for Tonight ndi ya mkaidi pausiku wake womaliza asananyongedwe. Komabe nthabwala sadaziiwale, pakuti mulinso nyimbo ya tianthu tobiriwira tochokera kumlengalenga, ndi ina ya munthu wodziitanira anzake kuti amudye. Mkuluyo ankatha kuseka ngakhale thupi likuwawa.

Chimbalechi chidafika pa nambala 3 ku America ndiponso pa nambala 3 ku Britain. Si onse adachiyamikira. Ena adadandaula kuti Zakk Wylde, amene adaliza gitala ndi a Osbourne kuyambira 1987, sadaitanidwe. Ena adati makina a m'situdiyo adasalaza mau a mkuluyo mopitirira muyeso, ndipo ena sadakondwe kumva oimba a nyimbo za achinyamata m'chimbale cha roko. Madandaulo amenewa ali ndi pogwira, ndipo okonda nyimbozi ambiri amavomereza kuti Ordinary Man sichifika pa Blizzard of Ozz. Koma mwini wake adachiona mwa njira ina. Adanena kangapo konse kuti kujambula chimbalechi ndiko kudawachotsa m'chisoni, ndipo kudawathandiza ngati mankhwala.

Apa mpofunika kunena mosapsatira kuti ntchitoyo sidachize nthenda ya Parkinson, ndipo sidaongole msana. Chimbale chitangotuluka, mliri wa Covid-19 udatseka mabwalo oimbira dziko lonse lapansi, ndipo ulendo wao wokalandira chithandizo ku Switzerland udalephereka. Maopaleshoni ena adatsatira. Chimene ntchitoyo idabweza ndi mtima wofuna kukhala ndi moyo, ndipo umboni wake ndi zimene zidachitika pambuyo pake. A Osbourne ndi Watt adayambanso chimbale china, Patient Number 9, chimene chidatuluka mu Sepitembala 2022. Ulendo uno Zakk Wylde adalimo, pamodzi ndi Eric Clapton, Jeff Beck ndi Tony Iommi. Mu Febuluwale 2023 ntchitoyo idalandira mphotho ziwiri za Grammy, imodzi ya chimbale chopambana cha roko, ina ya nyimbo ya Degradation Rules imene adaimba ndi Iommi. Munthu amene adatha zaka khumi osatulutsa chimbale cha iye yekha adatulutsa ziwiri m'zaka zitatu, ndipo zonsezo adazipanga akudwala. Galu wamkota sakandira pachabe.

Pa 8 Ogasiti 2022, pamwambo wotsekera masewero a maiko a Commonwealth ku Birmingham, kumene Malawi adatumizanso osewera ake kuphatikizapo timu ya ntchemberembaye, a Osbourne adatulukira mwadzidzidzi pamodzi ndi Iommi naimba Paranoid pamaso pa anthu akwao, atatsamira chitsulo chowachirikiza kumsana. Koma thupi lidapitirira kufooka, ndipo mu Febuluwale 2023 adalengeza kuti sangathenso kuyenda maulendo oimba. Mu 2024 dzina lao lidalembedwa kachiwiri m'nyumba yaulemu ya Rock and Roll Hall of Fame, ulendo uno paokha, popeza mu 2006 adalowamo ndi Black Sabbath.

Kutsazika kwao kudachitika pa 5 Julayi 2025 pabwalo la mpira la Villa Park ku Aston, pafupi ndi kumene adakulira. Magulu akuluakulu monga Metallica ndi Guns N' Roses adabwera kudzapereka ulemu, ndipo anthu osachepera 40,000 adadzaza bwalolo. A Osbourne sankathanso kuyenda, choncho adaimba atakhala pampando waukulu wakuda, poyamba nyimbo za iwo okha, kenaka pamodzi ndi Iommi, Butler ndi Ward, anai aja a 1968, amene adali asanaimbire limodzi kuyambira 2005. Phindu la tsikulo adalilonjeza ku bungwe lofufuza mankhwala a Parkinson, ku chipatala cha ana cha Birmingham, ndi ku malo osamalira ana odwala kwambiri otchedwa Acorns. Patangopita masiku 17, pa 22 Julayi 2025, Bambo Osbourne adamwalira ali ndi zaka 76. Pa 30 Julayi maliro ao adayendetsedwa m'miseu ya Birmingham, anthu zikwizikwi ataima m'mbali mwa mseu.

Moyo wa Bambo Osbourne suli chitsanzo choti mwana atengere m'zonse. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zidawaonongera zaka zambiri, ndipo zidazunza mkazi wao ndi ana ao. Koma zaka zao zomaliza zili ndi phunziro kwa aliyense amene akusamalira wodwala wokalamba. Kawirikawiri achibale, pofuna kuchita chifundo, amamlanda wodwala chilichonse, namuuza kuti angogona, zonse achita iwo. Akadya, akamwa mankhwala, amayesa kuti zonse zatha bwino. Pamene zili choncho munthuyo amadziona ngati katundu wongosenzetsa anzake, ndipo maganizo amenewo amamfooketsa msanga kuposa nthenda.

Mwana wamkazi wa a Osbourne adazindikira kuti bambo ake akusowa ntchito yao, ndipo Andrew Watt, mnyamata wochepera ndi zaka zoposa makumi anai, adakonza ntchitoyo mwa njira yoti wodwala aithe. Sadamuuze mkuluyo kuti athamange pabwalo monga kale. Adayang'ana chimene chidatsala, nachipatsa malo. Mmisiri wa matabwa amene manja ake ayamba kunjenjemera angathe kuyezera ndi kulangiza ophunzira. Mayi woumba mbiya amene msana wamkana kukakumba dongo angathe kuumba ngati adzukulu amtengera dongolo. Woimba ng'oma amene miyendo yafooka angathe kukhala pampando nkuphunzitsa anyamata kakungidwe ka chikopa ndi kamenyedwe kake. Chipatala chikagwira ntchito yake, apabanja nawonso ayenera kufunsa wodwalayo chimene akadathabe kuchita, ndi kumthandiza kuti achichite.